Makalata a Nennolina ndi Ana Athu Odwala Khansa

Mau olalikidwa pa wailesi pa Tsiku la Odwala, 11 Febuluwale. Malembo: Marko 10:13-16 ndi Yohane 9:1-7.



Lero ndi tsiku la Amayi Maria a ku Lourdes. Mu 1992 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja adatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, adalamula kuti tsiku limeneli lizikhala Tsiku la Odwala mu Eklezia yense. Pakangopita masiku 4, pa 15 Febuluwale, anthu a zachipatala pa dziko lonse amakumbukira ana odwala khansa. Popeza masiku awiriwa ngoyandikana, ndasankha kulankhula nanu za mwana wodwala khansa ndi chikhulupiriro chake. Ndidziwa kuti ena mukundimvera muli ndi mwana wotere pamphasa pambali panu, ndipo ena mudaika kale m'manda. Ndiyesa kulankhula mwaulemu, koma sindibisa mau.

Mu Mthenga Wabwino umene tamva, anthu adabwera ndi ana kwa Ambuye Yezu kuti awakhudze, koma ophunzira adawakalipira. Marko akutiuza kuti Ambuye adaipidwa nazo. Adaitana anawo, nawafungatira, nawadalitsa, ndipo adawaika ngati chitsanzo cha kalandiridwe ka Ufumu wa Mulungu. Ophunzira aja sadali anthu ankhanza ayi. Ankangoganiza monga timaganizira ife, kuti za Mulungu n'za akuluakulu, mwana ayambe wakula. Mwana akadwala matenda aakulu ndiye timanyanya. Timakamba za iye mwini wake ali pomwepo, timanong'onezana pakhonde, ndipo wina akati tiitane wansembe, timayankha kuti: "Adziwa chiyani mwana ameneyu?" Imvani tsono mbiri ya mtsikana wina amene adamwalira ali ndi zaka 6 ndi theka, kenaka muweruze nokha ngati mwana sadziwa kanthu.

Mtsikana wa ku Roma

Dzina lake ndi Antonietta Meo, koma kwao ankamutcha Nennolina. Adabadwira ku Roma pa 15 Disembala 1930, nabatizidwa pa 28 Disembala, tsiku limene timakumbukira ana aja adaphedwa ndi Herode, m'tchalitchi cha Santa Croce in Gerusalemme, kufupi ndi kwao. Anali mwana wansangala ndi wokonda kusewera, monga ana athuwa. Ali ndi zaka 5 adagwa navulala pabondo. Bondolo lidatupa osaphwa, ndipo madokotala atapima bwino adapeza khansa ya m'fupa, imene iwo amaitcha osteosarcoma. Pa 25 Epulo 1936 adamudula mwendo wakumanzere. Adamuikira mwendo wochita kupanga, ndipo ndi mwendo umenewo adabwerera kukasewera ndi anzake, napita kusukulu kwa asisteri.

M'miyezi imeneyi Nennolina adayamba kulemba makalata. Madzulo, asanagone, ankauza mai ake mau oti alembe, pakuti iye anali asanadziwe kulemba. Atadziwa, ankalemba yekha. Makalata ambiri anali opita kwa Yezu, ena kwa Mulungu Atate, kwa Mzimu Woyera ndi kwa Amayi Maria. Akatha, ankaika kalatayo patsinde pa kachifanizo ka Ambuye, kuti adzaiwerenge usiku. Makalata opitirira 100 adasungika mpaka lero. Mau ake ndi a mwana ndithu: amauza Yezu kuti amamukonda, amapempherera a kwao ndi anthu ochimwa, ndipo amasonyeza kulakalaka kwake tsiku lolandira Ukaristia woyamba. Adaulandira usiku wa Khirisimasi 1936, ndipo mu Meyi 1937 adalandira Ulimbitso.

Olemba mbiri yake akuti chitatha chaka chidulireni mwendo, iye adauza a kwao kuti tsikulo nloyenera chikondwerero, popeza ndilo tsiku limene adapereka mwendo wake kwa Yezu. Koma matenda sadaleke. Adafalikira m'thupi, ndipo ululu udakula. M'kalata yake yomaliza, ya pa 2 Juni 1937, adapempha Yezu wopachikidwa kuti ampatse mphamvu zopirira ululuwo, naupereka chifukwa cha anthu ochimwa. Adamwalira pa 3 Julayi 1937.

Patapita zaka 2 nkhondo yaikulu idabuka, ndipo ambiri amene ankatchuka mu Roma masiku amenewo adaiwalika. Timakalata ta mwana uja tokha tidapitirira kuyenda m'manja mwa anthu, nkumasuliridwa m'zilankhulo zina. Mu 1999 mafupa ake adawasamutsira m'tchalitchi chomwe chija adabatizidwira, mmene amasungamo zidutswa za Mtanda wa Ambuye. Pa 17 Disembala 2007 Papa Benedikto XVI adavomereza kuti mwanayu adakhala moyo wachikhristu molimba mtima kopambana, ndipo kuyambira pamenepo Eklezia amamutcha Wolemekezeka. Akadzafika potchedwa Woyera, adzakhala wamng'ono koposa mwa oyera onse amene sadaphedwe chifukwa cha chikhulupiriro. Makolo athu adati mau a akulu akoma akagonera. Apa tili ndi mau a mwana amene agonera zaka zoposa 80, ndipo akukomabe.

Nennolina sali yekha. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan, adamwalira ndi khansa ya m'magazi pa 12 Okutobala 2006 ali ndi zaka 15, atapereka masautso ake chifukwa cha Papa ndi Eklezia. Papa Leo XIV adamutcha Woyera pa 7 Sepitembala 2025.

Chikhulupiriro chimenechi adachitenga kuti?

Wina angati: "Mwana amangobwereza zimene wamva kwa akulu." Eklezia sadafulumire pa funso limeneli, adalifufuza zaka zambiri, namva mboni, nawerenga makalata onse. Yankho lake nlakuti chaulere cha Ubatizo sichidikira kuti munthu amere ndevu. Mzimu Woyera amene akhala mwa bishopu ndi yemweyo akhala mwa mwana wa Sitandade 1. Papa Pio X adazindikira zimenezi, ndipo mu 1910 adalamula kuti ana azilandira Ukaristia akangoyamba kuzindikira zinthu, ali ndi zaka pafupifupi 7, osati kudikira mpaka atasinkhuka monga zinkachitikira kale.

Komabe nzoona kuti mwanayu adamva za Yezu kwa anthu. Panali mai amene ankakhala pambali pa bedi ndi pensulo m'manja, osaseka mau a mwana wake, osanena kuti: "Gona iwe, ndatopa." Panali asisteri amene ankamuphunzitsa katekisimu. Mmera mpoyamba. Inu makolo amene mumasonkhanitsa ana kuti mupemphere Korona musanagone, ndi inu akatekisti amene mumaphunzitsa ana a Tilitonse patsinde pa mango Loweruka lililonse, mwina mumaona ngati mukuthira madzi pamchenga. Simudziwa kuti ndi mwana uti pakati pawo amene chaka chamawa adzagona m'chipatala alibe china chogwira kupatula mau amene adamva kwa inu.

Nanga chikhulupiriro cha mwana chisiyana bwanji ndi chathu? Taonani mwana akaponda minga. Sayamba ndi kufufuza amene adataya mingayo panjira; amathamangira kwa mai ake, nawaonetsa phazi. Nennolina adachita chimodzimodzi. Sadadziwe chifukwa chimene khansa idamugwirira, koma adadziwa woti amuuze. Ndipo popeza ankakonda Yezu amene adamuona pamtanda, adafuna kukhala pafupi naye ndi kumpatsa chimene anali nacho. Paulo Woyera, polembera Akolose, adaphunzitsa kuti masautso a mkhristu angathe kulumikizidwa ndi a Khristu chifukwa cha Eklezia, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri adalemba kalata yaitali yofotokoza zimenezi mu 1984. Mwana wa zaka 6 adazichita asanathe kuziwerenga.

Adachimwa ndani?

Ife akuluakulu timayamba ndi funso lina. Ophunzira ataona munthu uja adabadwa wakhungu, adafuna kudziwa wolakwa, kaya mwini wake, kaya makolo ake. Nafenso nchimodzimodzi. Tsaya la mwana likatupa, mano nkuyamba kugwedera, kapena mimba ikakula miyendo ikuonda, mudzi umayamba kuloza zala. Ena amati ndi tsempho, bambo adayenda njira zosayenera. Ena amati mai adathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Ena amayang'ana kanyumba ka agogo a kumapeto kwa mudzi. Tipita kukaombeza, mwana amutema mphini pachotupa, mbuzi ipita, nkhuku zipita, milungu nayo ipita. Mapeto ake ukwati wagwedezeka, nkhalamba yosalakwa yathamangitsidwa, ndipo chotupa chakula kawiri. Ambuye adakana maganizo onsewa poyera: khungu la munthu uja silidachokere ku tchimo lake kapena la makolo ake.

Lolani ndikufotokozereni zimene Mulungu walola anthu kudziwa za matendawa. Thupi lathu lidamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Maselo amabadwa, amagwira ntchito, nkufa, ena nkulowa m'malo mwake mwadongosolo. Khansa imayamba pamene ena mwa iwo asokonekera ndi kuyamba kuchulukana osaleka. Siipatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi kugona mphasa imodzi ndi mwana wodwala khansa popanda choopsa.

Khansa imene imagwira ana ambiri kuno kwathu ili ndi mbiri yokhudza dziko lathu lino. Mu 1957, pachipatala cha Mulago ku Kampala, dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, mkhristu wokonda kupemphera, adaona mnyamata wa zaka 5 wotupa nsagwada. Posakhalitsa adaonanso wina, ndipo mu 1958 adalemba za matendawa. Pofuna kudziwa kumene amapezeka, mu Okutobala 1961 adanyamuka ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Adayenda milungu 10, mamailosi pafupifupi 10,000, nacheza m'zipatala zoposa 50, ndipo ulendowo udadzera muno m'dziko lathu, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland. Adapeza kuti matendawa amachuluka kumalo otentha ndi amvula, makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa, komwe kuli udzudzu ndi malungo ambiri. Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachirombo m'zotupa zotumizidwa kuchokera ku Uganda.

Lero madokotala amafotokoza motere: kachirombo kameneka pafupifupi tonsefe tidakatenga tili ana, ndipo kwa ambiri sikachita kanthu. Koma mwana akamadwala malungo kawirikawiri, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka, ndipo mwa ana ena owerengeka maselo amene muli kachirombo kaja amasanduka khansa. Imeneyi ndiyo khansa ya Burkitt. Mukuona tsono kuti mdani wake ali m'zithaphwi za dzinja lino, osati m'kanyumba ka agogo aja. Kugoneka ana m'neti ndi kuthamangira kuchipatala akatentha thupi ndi ntchito ya chikondi.

Nennolina adalibe mankhwala, ife tili nawo

Pano ndifuna mumvetsetse, kuti wina asapotoze mbiri ya mwanayu. Makolo a Nennolina sadakhale naye m'nyumba nkumati Mulungu adziwa yekha. Adapita naye kwa madokotala, navomera ngakhale kudula mwendo, chifukwa mu 1936 chithandizo chachikulu chinali mpeni. Mankhwala opha maselo a khansa anali asanapezeke. Adayamba kupezeka nkhondo ija itatha, ndipo m'zaka za m'ma 1960 madokotala ku Uganda ndi ku Kenya adadabwa kuona zotupa za Burkitt zikusungunuka m'masiku owerengeka ndi mankhwala monga cyclophosphamide.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, likuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa ana 100 odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Mu 2018 bungweli lidaika cholinga chakuti pofika 2030 ochira afike 60 mwa 100 pa dziko lonse. Kuno kwathu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adaonetsa kuti ngakhale ndi mankhwala osakwera mtengo, pafupifupi theka la ana odwala khansa ya Burkitt amakhala ali bwino patatha chaka. Ife a chigawo chapakati ana athu amalandira chithandizo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mwa zimene zimatibwezera m'mbuyo, ziwiri zili m'manja mwathu: kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira.

Za kuchedwa, sungani zizindikiro izi, ndipo akatekisti mukazinene kumiphakati. Chotupa cha nsagwada kapena cha m'mimba chokula msanga. Diso lotuzuka, kapena kadontho koyera m'kati mwa diso konyezimira ngati diso la mphaka usiku. Kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo. Kuchepa magazi kobwerezabwereza, kapena kutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Kupweteka kwa fupa kosatha, kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi. Sikuti chilichonse mwa izi ndi khansa, koma wodziwa ndi dokotala. Chotupa cha Burkitt chingathe kukula kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Zengerezu adalinda kwaukwau. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya cha boma ku Mchinji, kaya cha mishoni ku Kapiri, ku Ludzi kapena kwa Guilleme, ndipo akakutumizani ku Lilongwe, nyamukani.

Za kusiyira panjira, zimachitika motere. Mwana alandira mankhwala kawiri kapena katatu, chotupa chiphwa, nkhope ibwerera mwakale. Nthawi yomweyo tsitsi likuthothoka, mwana akusanza, m'kamwa muli zilonda. Makolo nkumati: "Wachira, tsopano mankhwalawa akungomuzunza." Atuluka naye, osabwereranso. Inu alimi mudziwa kapinga: ukangomudula pamwamba munda umaoneka woyera, koma mizu ili pansi, ndipo ikaphukanso imavuta koposa kale. Tsitsi lidzameranso. Malizani mankhwala onse monga adokotala alembera, ndipo mwana akatentha thupi ali pa mankhwalawa, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Aliponso ena oyenda m'midzi namauza makolo kuti ataye mankhwala posonyeza kuti akhulupirira. Kumeneko nkuyesa Mulungu, chinthu chimene Ambuye adachikana pamene Satana adawauza kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu. Buku la Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kupemphera ndi kulemekeza sing'anga wa mankhwala, zonse ziwiri pamodzi, pakuti nzeru zake nzochokera kwa Mlengi.

Chinanso, musauze mwana amene akubuula kuti: "Pirira ngati Nennolina." Chopereka chokakamiza si chopereka. Mtsikana uja adapereka ululu umene panalibe woti auchotse, ndipo adaupereka mwa kufuna kwake. Ululu umene ungachotsedwe, tiuchotse. Papa Pio XII adaphunzitsa mu 1957 kuti kulandira mankhwala oletsa ululu si tchimo. Zipatala zathu zimapereka mankhwala otere, ngakhale morphine wakumwa, ndipo mwana amene matenda ake sangachizikenso ali ndi ufulu wowalandira, kuti agone tulo, adye, acheze ndi abale ake, ndi kupemphera ndi mtima wokhazikika.

Kwa akatekisti ndi miphakati

Tsopano ndilankhule ndi inu amene wansembe amadalira maso anu ndi miyendo yanu. Malamulo a Eklezia a mu 1983 adatsekula khomo kwa mwana wodwala kwambiri, ndipo ife tisalitseke. Mwana amene moyo wake uli pangozi angathe kulandira Ukaristia ngakhale sadamalize maphunziro, malinga atha kusiyanitsa Thupi la Khristu ndi chakudya wamba, ndi kulandira mwaulemu. Angathe kulandira Ulimbitso pa msinkhu uliwonse, ndipo pa nthawi yotere wansembe aliyense ali ndi mphamvu youpereka, osadikira bishopu. Ngati wayamba kuzindikira zinthu, angathe kulandira Kudzoza kwa Odwala. Sakramenti limeneli si chizindikiro chakuti tataya mtima; ndi pemphero la Eklezia lopempha mphamvu ndi kuchira, ndipo nkwabwino kulilandira mwana asanayambe ulendo wa ku Lilongwe. Ngati sadabatizidwe ndipo wansembe ali kutali, katekisti, ngakhale munthu wina aliyense wokhala ndi cholinga choyenera, angathe kumubatiza. Pa khomo la mwana wodwala musayambe ndi kufunsa za khadi ndi mtulo. Uzani Bambo Mfumu tsiku lomwelo.

Mukafika pamphasa, lonjerani mwanayo poyamba, ndi dzina lake. Musamunamize kuti palibe chovuta, pakuti iye amaona misozi imene mai ake amapukutira kuseri kwa nyumba, ndipo akaona kuti akulu akubisa, amasenza mantha ake yekha. Muyankheni moona, pa muyeso wa zimene wafunsa ndi mau a msinkhu wake. Mufunseni chimene afuna kuuza Yezu, ndipo mumulole achinene m'mau ake. Ngati atha kulemba, mpatseni kope ndi pensulo. Ngati satha, lembani inu, osakonza kapena kukometsa. Mutengereni anzake a Tilitonse adzamuimbire. Musaiwalenso abale ake, amene nthawi zambiri amasiyidwa okha ndi mafunso awo.

Pali ntchito inanso. Pamene Ambuye adaukitsa mwana wamkazi wa Yairo, adakumbutsa makolo ake kuti ampatse chakudya. Mwezi uno wa Febuluwale nkhokwe zambiri zapepuka, fodya akufuna manja, mtedza ndi chimanga zili m'munda. Kuchokera ku Mchinji kukafika ku Lilongwe pali makilomita opitirira 100, ndipo mai amene apita kukadikirira mwana amakhalako milungu. Adzaphikira ana otsala ndani? Adzayang'ana munda ndani? Ya minibasi yobwererera pa tsiku la mankhwala ichokera kuti? Makolo ambiri amene amatulutsa mwana m'chipatala sachita zimenezi chifukwa chosamukonda. Amagonja ndi njala ya amene atsala kumudzi. Pa Sinodi yaing'ono ya Dayosizi ya Lilongwe, kuyambira 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe ndi akhristu a nthawi imeneyo adatisiyira mau akuti Mpingo ndife tonse, ndipo miphakati yathu idakhazikika pa mau amenewo. Apa mpamene ayesedwere. Mphakati ugawane masiku a kumunda, usonkhe ufa ndi ya ulendo, ulembe tsiku lobwerera kuchipatala ndi kukumbutsa banjalo. Achinyamata athanzi akapereke magazi, pakuti ana odwala khansa amawafuna kawirikawiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu amene mudaika kale

Potsiriza ndilankhule ndi inu atate ndi amai amene mudachita zonse, mudapita msanga, mudamaliza mankhwala, mudapemphera usana ndi usiku, koma mwana adapitabe. Wina asakuuzeni kuti chikhulupiriro chanu chidachepa. Makolo a Nennolina ankapemphera, mwana wawo ankakonda Yezu kotheratu, komabe adamunyamula kupita kumanda ali ndi zaka 6. Amayi Maria nawo adaima patsinde pa mtanda wa Mwana wawo. Chifukwa chake ine sindingathe kukuuzani, ndipo sindiyesa. Chimene ndidziwa nchakuti amene adafungatira ana aja ku Yudeya sadasinthe, ndipo mwana wanu ali m'manja omwewo.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Ambiri mwa inu mudasunga mumtima mau amene mwana wanu adanena m'masiku ake otsiriza: mwina adakutonthozani inuyo, mwina adapempha Korona, mwina adapempherera mnzake wa pabedi loyandikana. Musawakwirire pamodzi ndi iye. Auzeni abale ake, akanenedwe pamphakati. Makalata a Nennolina tili nawo lero chifukwa mai ake sadawataye. Ana athu a kuno ku Mchinji alibe owalembera mabuku ku Roma, koma chaulere chimene chidagwira ntchito mwa iwo nchimodzimodzi, ndipo chingathe kulimbitsa banja lina limene likuyamba ulendo umene inu mudayenda.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Yezu, Inu amene mudakana kuti ana athamangitsidwe pamaso panu, yang'anani ana onse odwala khansa m'midzi mwathu ndi m'zipatala mwathu usiku uno. Chepetsani ululu wawo, chiritsani matupi awo, ndipo imvani mapemphero awo aang'ono. Patsani nzeru ndi chifundo kwa madokotala ndi anamwino, mphamvu kwa amai ogona pansi pambali pa mabedi, ndi mtima wothandiza kwa ife tonse. Tichotsereni khalidwe loloza zala, mutiphunzitse kuthamangira kwa Inu monga amachitira ana. Amayi Maria a ku Lourdes, mutipempherere ife. Amen.

Mulungu wamphamvuzonse akudalitseni nonse, pamodzi ndi ana anu. Mugone bwino.